Makilo Makumi Awiri mu Katundu wa Anangozo

Lolemba

Zatheka! Anangozo, amayi a kutchalitchi kwathu amene amakaoda katundu ku Joni, avomera. Ndinawakonzera firiji osalandira kanthu, ndiye pa ulendo wa Lachinayi lino andipatsa malo a makilo 20 mu katundu wawo. Osaposa pamenepo. Ali ndi sikelo ya mbedza, ndipo sikeloyo sidziwa m'bale.

Vuto ndi ili. Mng'ono wanga popita ku Botswana anandisiyira kompyuta ndi gemu ya mpikisano wa magalimoto. Gemuyo imatseguka ndithu, koma galimoto imayenda ngati birimankhwe, injini ikuchita chibwibwi. Farai, mnzanga wokonza makompyuta ku Mkoba, mumzinda wa Gweru, akuti khadi la girafikisi, kabolodi kamene kamajambula zithunzi za gemu, ndi lofooka. Monita nayonso ndi ya chimutu kumbuyo, ndipo udzu umaoneka wapepo.

Ku mgodi akutilowetsa masiku awiri pa sabata. Masiku enawo ndimakhala pamzere: wa buledi, wa ku banki, wa madzi. Ndikufuna chinthu chimodzi chokha m'moyo uno chothamanga.

Mndandanda:
- monita yophwatalala, mainchesi 22: makilo 8
- khadi la girafikisi: kilo imodzi
- chiwongolero cha gemu ndi mapedulo ake: makilo 4
- za m'nyumba: makilo 7

Marandi a m'chitini, amene ndimapeza pokonza mapampu a makorokoza, anyamata okumba golide m'tchire aja, aperewera pang'ono. Ndiye monita yakale ndagulitsa kwa Tawanda, mmodzi mwa iwo. Waisenza pamutu kudutsa komboni yathu yonse ya Mandava.

Akazi anga, amake Chisomo, ayang'ana patebulo popanda kanthu, akuti: "Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, bambo." Akaziwa sadziwa makompyuta.

Lachiwiri

Magetsi kulibe. Ndine wamagetsi, choncho aliyense wodutsa pakhomo akundifunsa kuti abwera liti, ngati ndawasunga m'thumba.

Farai pa foni, m'chilankhulo cha kuno: "Mudhara, tangai matarisa pamunoripfekera!" Akuti ndiyambe ndaona polowetsera khadi, chifukwa makhadi atsopano salowa m'makompyuta okalamba. Ndatsegula chibokosi. Fumbi, mphemvu ziwiri zakufa, ndi kampata kofiirira, kakafupi. Ndi kachikale ndithu. Ndayeza ndi ulusi, ndajambula papepala, ndalemba dzina la khadi ndi zilembo zazikulu. Pali la mamega 256 ndi la 512. Farai akuti la 512 lili ndi kafani kakekake. Kafani kakekake! Ine wa m'nyumba mwanga ndilibe.

Ndatha m'mawa wonse ndikusankha. Kusankha n'kokoma, anthu inu. Mu golosale ya pakona muli mashelefu okhaokha ndi mapaketi a tiyi, ndinali nditaiwala kuti munthu amatha kunena kuti ichi ayi, ndikufuna icho.

Amake Chisomo awerenga mndandanda. Sanakalipe. Angotenga pensulo. Makilo 7 a za m'nyumba asanduka 9: mafuta ophikira, mpunga, sopo, makandulo. "Kapena tizikazingira chiwongolerocho?"

Chiwongolero chatuluka. Si kanthu, mabatani alipo. Ndatsala ndi makilo 11: monita 8, khadi imodzi, awiri apadera. Ndawauza kuti nkhani ya malowa isatuluke m'nyumba muno.

Lachitatu

Yatuluka.

Anangozo anaitchula okha dzulo ku mapemphero a amayi, poyamikira firiji. Mandava yense wadziwa kuti ndili ndi malo.

Kwathu kuno munthu wokhala ndi malo mu katundu sakhala nawo yekha. Makolo athu anabwera kuchokera ku Dedza wapansi, atanyamulirana mitolo, ndipo amatikumbutsa pa maliro alionse. Wopempha sanena kuti ndikupempha. Amati kanthu kakang'ono.

Oyamba amalume, achimwene a malemu mayi anga, zaka zonse za pansi pa mgodi zili m'chifuwa. Akhala pampando wanga, andifunsa za ana, za ntchito, za mvula. Kenako kanthu kakang'ono: jombo, mchere, mabatire a wayilesi. Makilo 3. Ndayesa kufotokoza za monita. Amvetsera mpaka kumapeto, mutu uli pambali.

"Aikona, muzukuru, mwana wa mlongo wanga! Galimoto ya m'galasi? Imanyamula angati?"

Ndalemba jombo.

Masana uthenga wa pa foni kuchokera kwa mlongo wanga wa ku Mkoba. Mkaka wa mwana, zitini ziwiri, ku Gweru kulibiretu. Pamenepa sindinaganize n'komwe. Makilo 2.

Zotsala: 6.

Ndaimbira Farai. Akuti ya mainchesi 17, itachotsedwa m'katoni n'kukulungidwa m'bulangete, imakwana makilo 5. Akutinso 17 ndi yabwino kuposa 22 chifukwa khadi silitopa. Dzulo ananena zosiyana, koma ndamukhulupirira, ndilibe kochitira.

Mndandanda watsopano:
- monita, mainchesi 17, yopanda katoni: makilo 5
- khadi: kilo imodzi
- ndatseka geti, ndamasula galu

Lachinayi

Tsiku la ulendo. Ndadzuka wosangalala, ndameta ndevu.

Apongozi anga amakhala nafe kuyambira pamene penshoni yawo inasanduka mapepala. Mwa mwambo wathu ine ndi iwo sitiyang'anana m'maso, sitilankhulana mwachindunji. Tikakumana panjira ya kubafa, wina amapatuka. Zaka khumi ndi ziwiri zonsezi sanandipemphepo kanthu, ngakhale singano.

Ndikumanga nsapato pabalaza, ndamva akutsokomola kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Akulankhula ndi mwana wawo, koma mawu akubwera kwa ine.

"Auzeni bambo a Chisomo kuti ngati katsala kamalo, kashuga. Ngati palibe, asavutike. Tiyi wopanda shuga tazolowera."

Shuga anatha m'nyumba muno pa Isitala. Ndimawaona m'mawa uliwonse akutakasa kapu ndi supuni, mulibe chotakasa.

Ndafunsa amake Chisomo kuti wochuluka bwanji. Ayankha kuti paketi yotchipa ku Joni ndi ya makilo 5.

Asanu enieni! Osati anayi, osati awiri.

Amalume ukhoza kuwazemba. Mlongo ukhoza kumulonjeza ulendo wina. Koma mkamwini wokaniza apongozi shuga chifukwa cha galimoto ya m'galasi, ameneyo nkhani yake ikafika ku Dedza iye asanamalize kumanga nsapato. Ndipo chilungamo chake, si manyazi okha. Supuni ija yakhala ikundipweteka mtima.

Ndayankha ndikuyang'ana khoma: "Auzeni amayi kuti malo alipo ambiri."

Ku siteji Anangozo afufuta monita pa mndandanda ndi cholembera chawo, apinda pepala la khadi n'kuliika m'chikwama. Ndawakumbutsa katatu za kampata kofiirira. "Ndamva, achimwene, ndinagulapo injini ya chigayo ine." Basi yanyamuka.

Zotsala: kilo imodzi. Monita yakale ndikaitenganso kwa Tawanda mawa, basi.

Lachisanu

Tawanda kulibe. Monita kulibe.

Anzake akuti wapita nayo ku Mvuma, kwa makolo a mkazi amene akufuna kukwatira. Akuti yaikidwa pakabati, aiphimba ndi kansalu koluka, pamwamba pali maluwa apulasitiki. Kunyumbako kulibe magetsi, kulibe kompyuta. Anthu akubwera kudzaona TV ya mkamwini.

Ndamupeza pa foni. "Mudhara, ndingaitore sei? Vanamai vatoipururudza!" Akuti angaichotse bwanji, amayi anailulutira kale.

Ndamumvetsa. Zinthu za apongozi ine ndiye ndikuzidziwa bwino sabata ino.

Pobwerera ndaona mzere, ndaimapo osafunsa. Patatha maola awiri ndamva kuti ndi wa ziphaso za kubadwa.

Loweruka

Ofuna kubwereka monita:
- Farai: ali nazo zitatu, zonse za eni ake, ziwiri n'zopsa
- aphunzitsi a nyumba yachitatu: anasinthanitsa ndi chimanga
- mlembi wa bungwe lathu la maliro: ali nayo, koma akuti pakhale msonkhano wa komiti

TV yathu? Ndaizunguliza, ndayang'ana kumbuyo. Kabowo kamodzi ka mlongoti basi. Inagulidwa ine ndisanakwatire.

Uthenga wa Anangozo: "Khadi ndapeza. Mmwenye akuti lachikale latsala limodzi. 512. Lili ndi kafani."

Ndawerenga kasanu. Ndapukuta fumbi m'kompyuta, ndachotsa mphemvu zija, ndakonza malo. Patebulo pamene panali monita amake Chisomo aikapo beseni la tomato.

Lamulungu

Tatuluka m'tchalitchi, uthenga wafika kuti Anangozo abwera. Ndapita ndi wilibala.

Katundu wanga ali m'katoni. Katoni ya monita! Chithunzi chili pambali, mainchesi 22, yophwatalala, yakuda. Ndinaganiza kuti mwina firiji ija yawakhudza, mwina sikelo inathyoka.

"Musanjenjemere, achimwene. Ndinaitola kuseri kwa sitolo, makatoni amenewa ndi olimba."

Ndakankha wilibala kudutsa Mandava yense, anthu akundiyamikira. Wina wakuwa kuti abwera kudzaonera mpira. Sindinatsutse, ndinalibe mphamvu.

M'katimo: mafuta, mpunga, sopo, makandulo, jombo, mchere, mabatire, mkaka zitini ziwiri, shuga. Khadi lili m'jombo ya kumanzere, lokulungidwa m'thewera. Katoni yake anataya ku Joni, akuti imadya malo.

Khadi lalowa. Kampata kofiirira kalilandira bwinobwino, ulusi wanga sunaname.

Magetsi abwera cha m'ma 3 masana. Ndayatsa. Kafani kakuzungulira, kamphepo kake kakumveka padzanja. Khadi la zithunzi labwino kuposa onse mu Mandava, poonera zithunzizo palibe.

Koma masipika alipo, ndipo mabatani ndinawaloweza pamtima. Ndadikira kanyimbo koyambira, ndadina lalikulu katatu. Injini yalira. Chibwibwi chija chatheratu! Ikukoka bwino, magiya akulowa okha, kenako phokoso la kugunda khoma. Ndabwerera m'mbuyo, ndapondanso moto, ndikuyang'ana beseni la tomato. Khoma linanso.

Amalume adutsa atavala jombo pa suti ya kutchalitchi. Mkaka wapita ku Mkoba pa kombi, minibasi ya kuno. Anangozo akuti ulendo wina ndi mwezi wamawa, ndipo ayironi yawo ikuvuta. Ndawauza kuti ndibwera ndidzaione, koma asakayamikire ku mapemphero.

Kukhitchini supuni ikulira m'kapu, kulira kwake kwina, kolemera. Yatakasa nthawi yaitali. Kenako kutsokomola kuja kuseri kwa chitseko.

"Auzeni bambo a Chisomo kuti galimoto yawo ikuthamanga bwino."

Ndayankha ndikuyang'ana khoma kuti zikomo, amayi, ikuthamangadi.