Ndinachoka pa Dzenje Nditavala Chitenje cha Apongozi

Anthu a ku Kapichila akakuuzani za ine muzigawa pawiri, koma za chitenjezo n'zoona.

Nditangokwatira kumene, ine mphunzitsi wochokera ku Chipata, ndinafunitsitsa kuti apongozi anga aakazi andione kuti ndine munthu wolemekezeka. Ku Kapichilako mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso, ndipo kugwirana chanza ndiye musayerekeze. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire.

Tsono ndinamva za phiri lina kumigodi yakale, komwe kale ankakumba miyala yonyezimira. Akuti masana limathwanima ngati malata atsopano. Ndinati tikaone. Mkazi wanga anatenga amayi ake, popeza njira amaidziwa ndi iwo.

Phirilo ndi lokongoladi, abale. Dothi, miyala, ngakhale fumbi la pansapato, zonse waliwali. Ine ndinatsogola n'kuyamba kufotokoza za miyalayo mokweza (apongozi anabadwira pomwepo, koma mphunzitsi saleka kuphunzitsa).

"Uwauze akweni asachoke mu njila," anatero apongozi kwa mwana wawo. Akweni ndine, mkamwini. "Mu udzu umo muli migodi."

"Auze kuti maso ndili nawo," ndinayankha.

Sindinamalize bwino, phi! Ndili pansi pa dzenje lobisika ndi udzu, lotalika kundiposa. Mkazi wanga anathamangira kumudzi kukaitana amuna. Kunja kunatsala apongozi okha, m'dzenje ine ndi linthumbu.

Linthumbu silidziwa ulemu. Linalowa m'thalauza, ndinavina, ndinadzimenya, mapeto ake ndinavula n'kuitaya uko. Ndinakuwa ngati mbuzi.

Kenaka ndinaona nsonga ya chitenje ikutsika. Apongozi anali atandifulatira, akulankhula ndi mtengo: "Iwe mtengo, uwauze akweni agwilitse."

Ndinagwiritsa. Apongoziwo, mayi wolima fodya, anakoka osacheuka mpaka ndinatuluka, thalauza n'kutsala ndi eni dzenje. Akadali chifulatire, anangotayirira chitenjecho. "Mtengo, uwauze avale."

Amuna aja anatipeza panjira, ine kutsogolo m'chitenje chamaluwa, thupi lonse likunyezimira kuposa phiri. Kuchita manyazi kotere sindinakuonepo chibadwire.

Ulemu ndinkaufuna uja unathera pomwepo. Masiku ano apongozi sandipatukiranso. Amandiyang'ana m'maso mwenimweni, n'kuyamba kuseka asanapereke moni. Amene amathawira kutchire tsopano ndine.