Galimoto Imene Inanyamula Apongozi Anga Yokha

Amene akuti ndikunama aimirire ndimuone nkhope, chifukwa nonsenu mwabadwa galimoto zitazolowereka kale, koma ine ndinaigwira ikadali chilombo chothawitsa mudzi wonse. Iwe Yohane, leka kuseka, sendera kuno.

Inali nthawi ija nkhondo ya azungu isanabuke, ine ndili mkamwini watsopano m'mudzi wa kuseri kwa phiri la Chongoni. Mzungu wina wogula zikopa anabwera ndi galimoto kuchokera kuchigwa kotentha, ndipo itangokwera mapiri athu ano inayamba kutsokomola, kulavula utsi wakuda bii, mpaka inafera pabwalo pathu. Mwini wake anaitukwana, anakwera machila, ulendo kuboma kukafuna amisiri, ife kuno n'kumayanikapo ufa.

Ndiye m'mawa wina wa chisanu, chisanu chenicheni cha kuno choti ukayankhula mawu ankaundana m'malere n'kumagwa ngati matalala, apongozi anga aakazi, a Nabanda, analumidwa ndi mphiri akutola nkhuni. Mwendo unatupa ngati mtondo. Mkazi wanga anabwera akulira: "Bambo, amayi akufa! Mankhwala ali kumishoni ku Bembeke, koma pamachila safika amoyo."

Mukumva? Ine chibadwire ndinali ndisanakhudzepo galimoto, koma ndinaivundukula kumutu, ndinanunkhiza, ndinanyambita mwaye wake, ndipo pomwepo ndinadziwa matenda: kabuleta, kambale kamene petulo amakumaniranamo ndi mpweya, kanazolowera mpweya wonenepa wa kuchigwa, pamene wa kuno ndi wowonda, ndiye chinthucho chinkatsamwa mafuta ngati mwana amene akumukakamiza phala. Ndinapota kamsomali ka mafuta ndi chikhadabo changa ichi, kuchepetsa pang'ono pang'ono, ndinakoka waya wa choko kuti kukhosi kwa kabuleta kutsekeke poti kunali kuzizira, ndinapukusa handulo yolizira injini kamodzi kokha, kamodzi, ndipo inabangula mpaka anyani onse a m'phirimo anathothoka m'mitengo, chifunga chinang'ambika pakati, nkhuku zinaikira ndi mazira a mawa omwe. Itatentha ndinabweza choko, utsi unayera, injini n'kumalira mofatsa ngati mphaka wokhuta.

Amayi a m'mudzimo ananyamula wodwala uja n'kumukhazika m'galimoto. Apa ndiye panali nkhani. Mpando unali umodzi! Ine mkamwini, amene ndikakumana nawo panjira ndinkalumphira patchire, lero ndikhale nawo phewa ndi phewa? A Nabanda, lilime litayamba kale kulemera, anadzifunditsa nsalu kumaso nati, "Bola ndifere pompano kusiyana n'kukhala mpando umodzi ndi mkamwini." Pamenepo n'kuti ululu wa njoka utafika m'chiuno.

Iwe Yohane ukanatani? Ukanakhala pansi n'kulira. Ine ndinabwerera ku kabuleta, ndinapeza kamsomali kena kamene kamauza injini mapumidwe ake pamene munthu sakuikankha, ndinakapotera m'kati mpaka galimoto inayamba kunjenjemera ngati ng'ombe yofuna kuthyola khola, kumutu ndinasiya kosatseka, ndinamanga luzi lalitali mbali zonse ziwiri za chiwongolero, ndinalowetsa giya ndi ndodo, ine phii patchire nkhope nditalozetsa kwina, ndipo tinanyamuka, iyo m'njira, ine m'mapesi ndi m'minga, ndikuiwongolera ndi makutu basi, ikalirira kumanja ndikoka kumanzere, ikafooka pachitunda ndiponya kamwala chakumbuyo n'kugunda kamsomali kaja kuti kapoteke, potsetsereka ndiluma luzi ndi mano n'kuzika zidendene pansi, moti ngalande ziwiri zimene ndinasiya zija lero muyenda madzi, anthu akuthirira kabichi wawo osadziwa woti amuthokoze. Ndikulumbira! Petulo anatha pakati pa njira, koma kabuleta ndinali nditaikonza mwakuti inangopitiriza kumwa chifunga chokhachokha, ikubweza madzi otentha kumbuyo. Ululu ukukwera, ife tikuthamanga, ululu ukukwera, ife tikuthamanga, ndipo pamene unkati ugogode pamtima n'kuti galimoto itaima kale pakhomo la chipatala, ine nditakulunga luzi pamtengo n'kubisala kuseri kwake.

Masisitere anawatenga a Nabanda, anawapaka zawo zija, ndipo anachira. Anakhala moyo mpaka anabereka kumsana zidzukulu za zidzukulu zawo. Koma kufikira tsiku la imfa yawo ankauza aliyense kuti galimoto inawanyamula yokha, angelo akuikankha, pamene mkamwini wawo waulesi uja sanaoneke n'komwe.

Ukuti bwanji, Yohane, palibe anandiona? Eya, palibe, ndipo ndimanyadira pomwepo! Tandipezera munthu wina m'Dedza yense muno amene anayendetsa galimoto mwaulemu chotere, moti ngakhale wokweramo sanamuone.