Mlatho Wopanda Chipani

Lolemba

Ndayamba. Tsiku la lero adzaliphunzitsa ana kusukulu.

Khansala wathu anathawira ku Joni, ndiye kukubwera chisankho chapadera. Ine ndikuima. Pandekha! Chipani ayi. Kodi dzenje la pamsewu limafunsa khadi lisanakuthyole mwendo?

Mfundo yanga ndi imodzi: mlatho wa pakamtsinje kakumunsi, umene unakokoloka dzinja latha. Mkazi wanga, amake Tamanda, amawoloka m'madzi m'mawa uliwonse dengu lili kumsana, ndipo amafika kuesiteti kapitawo atawerenga kale anthu. Awachenjeza kawiri. Kachitatu ntchito yatha.

Ine ntchito yanga ndi yodulira tiyi, nyengo yake inapita, choncho nthawi yopulumutsa dziko ndili nayo. Pulani: mlatho uthe pofika Lamulungu, ndi manja a anthu wamba. Nsalu ayi, nyimbo ayi, penti ayi. Ukatha ndiimirira pakati pake n'kulengeza.

Zofunika:
mitengo ya bulugamu inayi
matabwa
misomali
anthu

Zimene ndili nazo: hamala. Komanso mutu uwu, umene aphunzitsi a sitandade 6 anati chiyambire ntchito sanauonepo.

Kavuto kakang'ono: apongozi anga ndi atcheya a amayi a chipani kudera kuno, ndipo nyumba yanga ili pamalo awo. Chikamwini. Koma mwambo sutilola kuyankhulana maso ndi maso, tikakumana panjira ine ndimapatukira kutchire. Ndiye andigonjetsa bwanji pamtsutso? Ndapambana kale.

Lachiwiri

Msonkhano woyamba, kusikelo, pamzere woyezetsa masamba. Anthu zikwi zitatu. Ooneka ndi maso makumi awiri, enawo akumvera m'mizere ya tiyi.

Ndikuwauza kuti khansala ndi wa mijigo, milatho ndi zimbudzi za pamsika. Madzi a pamjigo amatuluka mtundu wa chipani?

Wina: "Nsalu mugawa liti?" Palibe nsalu. Wina: "Tisheti?" Palibe. "Nanga mwadzatani, achimwene?" Mafunso akuya. Anthu anga ndi ozindikira.

A Likaka, kalipentala, mkulu wampingo wa Sabata, avomera kudzakhoma matabwa. Akuti iwo ndale salowa. Munthu wanga ameneyu!

Madzulo amake Tamanda akubwera ndi uthenga wa amayi awo, amene ali pakhonde pawo pompo, akumva ngakhale kutsokomola kwanga. "Akuti mbuzi yopanda mwini imadyedwa ndi fisi." Ndikuti kawauzeni ine si mbuzi. Apita, abwerako. "Akuti n'zoona, mbuzi imagulitsika."

Lachitatu

Mitengo. A Muhiwa a ku Kapichi, eni ake a bulugamu wosawerengeka, akuti tenga inayi, ulere. Chimwemwe! Kenako akutulutsa chitini cha penti, mtundu wa chipani chawo, chodana ndi cha apongozi. "Pang'ono chabe, kumapeto kwa mtengo, kuteteza chiswe." Chiswe cha ku Kapichi chimaopa mtundu umodzi wokhawo.

Ndakana ngati mwamuna. Ndabwerera wapansi makilomita zana, phewa lopepuka.

Amayi asanu alonjeza kudzatuta miyala mawa akaweruka. Lamulo langa: nsalu ya chipani ayi. Akuti zogwirira ntchito ali nazo ndi zomwezo, ya kutchalitchi sangalowe nayo m'matope. Chigamulo: avale motembenuza. Solomoni akanakhala moyo akanabwera kudzakopera.

Lachinayi

Abwera atatu, nsalu zotembenuza. Nkhope za atsogoleri zikuonekabe, zotuwa ngati akudwala malungo. Mayi wina akawerama, mtsogoleri wake akundiyang'ana.

Miyala isanu ndi itatu. Kenako ayamba kuimba, poti munthu sanyamula mwala ali duu. Nyimbo zonse za chipani. Ndaletsa. Ayesa ya pamaliro. Miyala yalemera. Abalalika.

Uthenga wa apongozi: "Akuti nyumba yopanda chipani ikamangidwe pamalo opanda mwini." Ndale zonyansa. Ndawasesera bwalo, koma mwa kufuna kwanga.

Mvula yagwa kumtunda, madzi afika m'chiuno. Amake Tamanda m'mawa alowa pamzere kapitawo akutchula dzina lomaliza. Sakundiyankhula. Ndikuona kuti mawu akusungira tsiku lotsegulira.

Lachisanu

Mbiri yamveka kutali: mkamwini wina akumanga mlatho yekha, mavoti onse akupita kwa iye. Ndinaiyambitsa ndine ku Masambanjati, pogula nthochi, n'kuwonjezera kuti amanijala akuesiteti andipatsa simenti matumba mazana awiri. Yabwerera itanenepa. Tsopano ndi mazana asanu, ndi thirakitala.

Masana: lole! Mitengo, matabwa, misomali, penti zitini zinayi, madoda a chipani cha apongozi. Chaka chathunthu ankati ndalama kulibe. Atsitsa zonse pamiyala yanga. Yanga! Isanu ndi itatu!

Apongozi akutsogolera nyimbo, ndiye ine ntchito ndikuiyang'anira ndili m'chinangwa.

A Likaka awapatsa ganyu. "Ine ndale sindilowa, achimwene, ndikungokhoma misomali." Akukhoma ndi hamala yanga. Dzuwa likulowa, aima pakati pa msomali, Sabata yayamba.

Loweruka

Mlatho uli theka. A Likaka lero sagwira chitsulo. Mwayi wanga! Ndikhome ndekha matabwa otsala, theka linalo likhale lopanda chipani.

Hamala ili m'nyumba mwawo. Akuti kuibweza nakonso ndi ntchito.

Ndayesa ndi mwala. Zotsatira:
misomali itatu yapindika
thabwa limodzi lapita ndi madzi
chala chatupa ngati peyala

Ndikuuza amake Tamanda kuti mlatho umenewu ndi nyambo, munthu woona asaupondepo. Ayankhula koyamba chiyambire Lachinayi: "Ndiye muzindibereka kumsana m'mawa uliwonse, ndi dengu lomwe." Nkhaniyi ndaipereka kukomiti. Komiti ndine.

Lamulungu

Watha. A Likaka amaliza m'mawa, madoda aja aupenta wonse, ngakhale kunsi kumene amaona achule okha. Ng'oma, nthungululu, munthu wa chipani cha apongozi wadula riboni. Dzina langa sanalitchule. Akudziwa kuti sindikonda kutamandidwa.

Ndaganiza zowolokapo kamodzi, kungoyesa misomali. Ndafika pamutu pa mlatho, apongozi ali pakati penipeni, pampando, manja pamimba, sakusuntha. Pamalo anga olengezera! Mlatho ndi wopapatiza, kumbuyo anthu akukankha. Mkamwini amapatukira kutchire. Pano tchire lake ndi madzi.

Ndavula nsapato, ndatsika. M'chiuno. Kuzizira kwake kwa mufiriji.

Wina pamwamba: "Taonani woima payekha uja! Wakana mlatho wa chipani!" Anthu awiri awomba m'manja. Mavoti awiri amenewo. Ndi yanga, atatu. Amake Tamanda mawa awoloka ouma, ntchito yapulumuka. Ndawafunsa za voti yawo, akuti ndi chinsinsi.

Ndafika kunyumba ndikunjenjemera, thalauza likudontha. Amake Tamanda alowa ndi kanthu kopinda bwino kochokera kwa amayi awo. "Akuti mupukutire, mungadwale chibayo. Akuti mlatho munaukankha ndinu, koma musazolowere."

Nsalu ya chipani. Yatsopano, yofunda.

Ndapukutira. Motembenuza.