Ndinadziimba Mlandu Ndekha Pamaso pa Amalume

Pali nkhani zina zoti mwamuna amayenera kulowa nazo m'manda. Iyi ndi imodzi mwa izo, koma ndikuuzani, museke mukhute, manyazi ndisenza ndine.

Ine ndine mkamwini ku Chiosya. Ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga Esinati, ndipo tili ndi mwana mmodzi, Tadala, wa miyezi isanu ndi itatu. Kamwana kameneka kakangoonetsa timano take tiwiri, ine kutopa konse kwa kumunda kumatha.

Chibadwire Tadala, Esinati anasintha. Kudya pang'ono, kuseka ayi, nthawi zina ndinkamupeza akulira kuseri kwa nkhokwe. Ndikafunsa, yankho linali limodzi: "Palibe." Atapita kusikelo, anesi anamutumiza kwa amayi ena opereka uphungu pachipatala chathu, ndipo anayamba kupitako Lachinayi lililonse.

Poyamba ndinasangalala. Koma tsiku lina ndinafunsa, "Kodi mumakambirana chiyani kumeneko?"

"Ndi chinsinsi, bambo a Tadala. Anati zokamba m'chipinda muja zimathera momwemo."

Chinsinsi! Ola lathunthu, sabata iliyonse, chitseko chotseka, mwamuna wako osadziwa kanthu? Ine sukulu ndinamalizira kunaiti, koma mutu umagwira. Ndinaganiza ndekha: munthu akulira, akukadandaula kwa anthu a boma, ndipo amene amakhala naye m'nyumba ndi ine. Wolakwa angakhalenso ndani?

Ndiye Lolemba lina Esinati anandipatsa kapepala ka chidindo. "Lachinayi tipitire limodzi. Akufuna akuoneni."

Basi, ndinadziwa kuti samani yafika. Banja likatha, mkamwini amanyamula bulangete lake n'kuona msewu, mwana amatsala kwa amake. Ndinayang'ana Tadala akuyamwa chala chake chakuphazi, misozi inalengeza m'maso.

Kwathu kuno, pa mlandu wa banja munthu supita wekha. Ndinaimbira foni ankhoswe anga, amalume a Filimoni a ku Mlonyeni. Lachinayi m'mawa anafika pa kabaza, atavala jekete ya pamaliro.

"Tamvera mphwanga," anatero atandikokera pambali. "Milandu ndaiona ine. Usadikire akuwerengere zolakwa zako. Yamba ndiwe kuvomera, chilango chimachepa. Chachiwiri, usasaine kanthu!"

Esinati anadabwa. "Amalume akupita kuti?"

"Angotiperekeza," ndinayankha ndikuyang'ana kumbali.

Tinafika. Alangizi aja anali amayi Mhango, ochokera kumpoto, odekha, oyankhula ngati akunyengerera mwana. Kudekha kumeneko n'kumene kunandiopsa kwambiri. Patebulo panali fayilo, ndipo m'maso mwanga inkaoneka yonenepa ngati Baibulo.

"Takulandirani," anatero. "Tisanayambe, ndikufotokozereni mmene timagwirira ntchito. Pano si pabwalo la milandu. Mwabwera mwa kufuna kwanu, muli ndi ufulu wofunsa, wokana kuyankha, ngakhale wosiya nthawi iliyonse. Zimene munganene ndidzasunga, pokhapokha ngati moyo wa munthu uli pangozi. Mbali yanu ndi kusunga nthawi ndi kunena zoona."

Amalume anandigunda ndi chigongono. "Wamva? Kunena zoona. Msampha umenewo!"

"Nanga bambo awa ndi ndani?" anafunsa amayi Mhango.

"Ankhoswe anga."

"Ooh. Nthawi zambiri timakhala atatu basi. Ngati Esinati walola akhoza kukhala, koma mudziwe kuti lonjezo la chinsinsi ndi langa. La iwowa sindingakulonjezeni."

Esinati, poopa kuchititsa manyazi munthu wamkulu, anangogwedeza mutu. Ine ndinati mumtima, mwaona, amafuna andipatule kwa mboni yanga!

Anatipatsa fomu yoti tisaine kuti tamva. Ndinaiwerenga katatu, ndinaitembenuza, ndinaiunika ndi kuwala kwa pawindo kufufuza timalemba tobisika. Amalume anailanda n'kuikhalira.

"Amayi," ndinatero, "mkazi wanga wanena chiyani za ine?"

"Zimenezo sindinganene. Ndi zake, akafuna anena yekha."

"Nanga mufayilomo?"

"Namonso ndi mwake."

Apa ndinaona kuti zinthu zafika pa serious. Amalume anatsokomola, chizindikiro choti nthawi yakwana. Ndinaimirira, ndinavula kapusi.

"Chabwino, ndivomera ndekha! Phala la mwana la nsinjiro lija limatha msanga chifukwa cha ine. Ndikamamudyetsa, supuni imodzi ndi yake, ziwiri zanga."

"Bambo, khalani pansi, palibe amene..."

"Ndisiyeni amayi, ndimalize! Chitenje cha kwaya chija sichinadyedwe ndi makoswe ayi. Ndinachiotcha ndi simbi pofuna kumusitira, ndiye bowo lake ndinalikonza ndi sizasi kuti lioneke ngati mano."

"Pitiriza mphwanga, ukuchita bwino," anatero amalume.

"Loweruka lija ndinati ndikupita kumsonkhano wa kalabu ya mtedza, ndinali kuvidiyo kuonera mpira. Ndipo tambala wa apongozi amene tinati wagwidwa ndi fisi, ndinamuponda ndi njinga. Tinamudya kudimba, ine ndi amalume awa."

"Iwe! Zimenezo sizili pamlandu!" amalume anadumpha.

Ndinacheuka. Ndinaona Esinati ataphimba nkhope ndi nsalu, mapewa akugwedezeka. Ndinati basi, akulira, banja latha, Tadala wanga ndamutaya. Ndinagwada.

"Sorry amake a Tadala, musandithamangitse. Mwana yekhayo ndizimuona."

Atachotsa nsalu ija, ndinapeza kuti munthu akuseka! Kuseka kwenikweni, mpaka misozi, mpaka mwana kumbuyo anadzuka n'kuyamba kuseka nawo. Amayi Mhango anayesetsa kulimba, koma ndinawaona akuluma cholembera.

"Bambo a Tadala," anatero Esinati atapezako mpweya, "ndani wakuthamangitsani? Ndine ndinapempha kuti mubwere. Ndinawauza amayiwa kuti munthu amene amandithandiza pakhomo ndi inu. Ndimafuna mumve za vuto langali, mudziwe kuti simunalakwe kanthu."

"Sindinalakwe?"

"Mpaka m'mawa uno munali musanalakwe. Chitenje changa cha kwaya! Ine ndinathira mankhwala a makoswe nyumba yonse!"

Amayi Mhango anandikhazika pampando. Anafotokoza kuti amayi ambiri akabereka amagwidwa ndi nkhawa yotere, kuti si ufiti kapena kulakwa kwa munthu, ndipo imatha ngati wina akumva ndi kuthandiza. Anandifunsa ngati ndingakonde kumabwera nthawi zina. Ndinavomera msangamsanga. Fomu ija tinaisolola pansi pa amalume, yofunda ndi yokwinyika, ndipo ndinasaina ndi dzanja langa.

"Zonse mwanenazi zathera muno," anatero potitsanzika. Mtima wanga unakhala m'malo.

Koma panja panali mzere wa amayi a sikelo, theka lawo a m'mudzi mwathu, ndipo pakati pawo panali apongozi anga ataperekeza mdzukulu wina. Amalume anakonza jekete, anakweza dzanja ngati abwera kuchokera kunkhondo.

"Amayi, mlandu watha, banja lilipo! Mphwanga wavomera yekha ngati mwamuna. Phala la mwana ndi iyeyu, chitenje ndi iyeyu, tambala ndi iyeyu yekha!"

Apongozi anaimirira pang'onopang'ono. "Tambala uti?"

Lero Esinati akupeza bwino, Tadala wayamba kukwawa, ndipo ine ndikadali pakhomo. Kungoti ndikamadyetsa mwana phala, apongozi amakhala pafupi, maso ali pa supuni.

Abale anga, alangizi amasungadi chinsinsi, koma amalume sasaina fomu.