Kandodo Kopendekera ku Michesi

Fakisoni, mlamu wanga, mlongo wake wa mayi akunyumba, amene amagwira ntchito ya makompyuta pa boma la Phalombe, ndi amene anandivula pagulu tsiku la ukwati wa mwana wanga Esinati. Ndikumutchula dala. Asabwerenso kuno ndi kuseka kwake kuja koti "alamu, zinatha zija." Sizinathe.

Esinati anapeza mwamuna wa ku Zomba, mwana wa anthu ovala mataye ngakhale Loweruka. Ine sukulu ndinalekeza sitandade folo, ndimalima chimanga ndi nandolo kuno ku Fort Lister, koma ndinati anthu amenewa asatione ngati akutchire. Fakisoni ndiye anabwera ndi nzeru.

"Alamu, ndikulemberani kapulogalamu. Zithunzi za Esinati kuyambira ali wakhanda zizidutsa zokha pakhoma, dzina lake likuvina pamwamba. Ku Zomba konko sanazionepo."

Ndinalengeza kutchalitchi, kumsika, kuchigayo. Ngakhale amene sanandifunse ndinawauza.

Madyerero anali mu holo ya sekondale yapafupi. Aphunzitsi a makompyuta, a Gondwe, anatibwereka kompyuta imodzi ndi makina owalitsira pakhoma, nkundionetsa poyatsira ndi pobayira fulashi. Kenako anapita kumaliro kwawo kumpoto. Sindinadandaule, poti Fakisoni abwera. Loweruka la ukwatilo m'mawa kukubwera wakabaza, fulashi ya kapulogalamu kaja ili mu envulopu. Akuti bwana Fakisoni apita kuwekishopu ku Liwonde, koma musadandaule, mungobaya nkudina.

Masana tinatchinga mawindo ndi zitenje kuti mude. Jenereta ikulira panja, nyimbo zikuphulika, perekaniperekani ali mkati. Wotsogolera mwambo nkulengeza kuti tsopano bambo a mkwatibwi ationetsa zachilendo. Ndinabaya. Ndinadina. Pakhoma panatuluka Chizungu chofiira, ndi kabokosi kolembedwa chonchi: ukwati\esinati\zithunzi. Bambo a mkwati anawerenga mokweza (palibe anawapempha) kuti makina akuti zithunzi sakuzipeza.

Pasukulupo netiweki imagwira pachulu chokha, kuseri kwa zimbudzi. Ndinathamangira kumeneko, jekete ikuuluka.

"Fakisoni! Chinthu chako chakana!"

"Aaa, alamu, ndinaiwala. Makina a kuofesi kwanga ndi a Windozi, a kusukuluko ndi a Linakisi. Mzere mukuuonawo ndi njira. Mulowa foda ya ukwati, mkati mwake muli ya esinati, mkati mwakenso zithunzi. Tindodo tili pakatito ndi makomo. Tsono makina anuwo amafuna kandodo kopendekera mbali inayo."

"Mbali iti?"

"Mutu wake upendekere ku Michesi."

Amene simuli akuno mumve. Ife polozerana zinthu sitinena za kumanja kapena kumanzere. Timakhala pampata, phiri la Mulanje uku, la Michesi uku. Mbuzi ikasowa timati yalowera ku Michesi, denga likapendama timati lagonera ku Mulanje. Ndiye ndinamumva bwinobwino. Ndinabwerera muholo, ndinakhala pampando, ndinakweza chitenje cha pawindo. Michesi uyo, kumanzere kwanga. Ndinayang'ana tindodo. Tonse tiwiri mitu ili kale ku Michesi!

Kubwereranso kuchulu. Apa nkuti thukuta lafika m'masokosi.

"Tili kale ku Michesi tindodo tako!"

"Sizingatheke. Alamu, Michesi mukuidziwa koma?"

Ine! Munthu woti mchombo wanga unakwiriridwa patsinde pa phiri limenelo! Ndisanamutukwane bwino, mayunitsi anatha.

Ndili pachulu pomwepo ndinaganiza. Ofesi ya Fakisoni ndinalowamo. Akakhala pa desiki yake, Michesi imakhala kumanja. Ndiye kuti makinawa tawakhazika chammbuyo. Tiwatembenuze akhale mmene amakhalira a Fakisoni kuofesiko, tindodo tigonere ku Mulanje, kenako ndititembenuzire ku Michesi monga wanenera. (Mpaka lero ndikuti nzeru imeneyi inalibe vuto. Wotsutsa abwere.)

Ndinakodola ankhoswe athu, a Mulimba, munthu womvera.

"Gwirani uko, tizungulitse tebulo."

"Tebulo lalakwanji, achimwene?"

"Gwirani, mafunso mawa!"

Chimene sindinaone ndi nthambo. Nthambo imodzi yochoka kujenereta ndi imene inkadyetsa kompyuta, chowalitsira ndi zokuzira mawu, ndipo anyamata anaikulunga kumwendo wa tebulo la keke kuti anthu asapunthwe. Keke yosanjikiza, yochoka ku Zomba, imene mayi a mkwati anaifungata pamiyendo ulendo wonse. Titangozungulira theka, ndinamva kulimba. Ndinayesa a Mulimba akuchita ulesi, ndinakoka ndi mphamvu. Nyimbo zinaduka. Holo yonse zii. Ndipo m'kachetechete ameneyo munamveka mawu amodzi okha, anga, okuwa ngati ndikuthamangitsa anyani m'munda:

"Zungulirani! Ndikufuna Michesi ibwere kumanja!"

Kenako keke inatsetsereka pang'onopang'ono, ngati ikuganiza kaye, nkukakhala pamiyendo pa bambo a mkwati.

Palibe anaseka poyamba. Bola akanaseka. Esinati anaphimba nkhope ndi velo. Mayi a mkwati anaweramira kwa mkazi wanga nkufunsa mwaulemu wonse, koma ine ndikumva:

"Pepanitu asebele, kodi bambowa amatere akalawa, kapena n'zakumtundu?"

Ine mowa ndinasiya kalekale. Ndiye mwaona yankho limene linatsala.

A Gondwe atabwerako kumaliro ndinawafotokozera. Anaseka mpaka kugwira khoma. Kenako anafufuta tindodo tija, nkudina kandodo kena kamene kanali pansi pa mabatani olembera, pafupi ndi chala changa nthawi yonseyo. Mzere unakhala ukwati/esinati/zithunzi. Esinati uyo pakhoma, ali wakhanda, dzina likuvina. Oonera tinali awiri, ine ndi a Gondwe.

"Bambo a Esinati, tebulo mukanalisiya. Koma mlandu si wanu. Wolemba pulogalamu mosamala salemba kandodo pamanja. Pali lamulo louza makina kuti aike okha kandodo kawo, kaya ndi Windozi kaya ndi Linakisi. Kamzere kamodzi basi."

"Fakisoni amalidziwa lamulo limenelo?"

"Ngati ntchito yake ndi imeneyi, amalidziwa."

Nditamupeza Fakisoni, mukudziwa chimene anayankha? "Koma alamu, pa makina anga zimayenda bwinobwino." Pa makina ake! Ukwati unachitikira pa makina ake?

Pano kumsika akunditchula kuti a Michesi. Akabaza akandiona amakuwa, "Madala, lero tiliike kuti phiri?" Zimenezo ndipirira. Chimene sindipirira n'chakuti Esinati ndi woyembekezera, ndipo ndamva kuti ku Zomba apongozi ake akumufunsa mochenjera ngati kwathu kunakhalako ena odwala mutu. Mwana wanga akuyankhira mlandu wa kandodo.

Ena akuti ndaphunzirapo kuti zinthu zosazidziwa osazigwira. Ayi. Chimene ndaphunzira n'chakuti potembenuza tebulo uziyamba wayang'ana nthambo.

Tsono Fakisoni, ndimve. Keke sindikufuna, pepani wako wa pafoni sindikufuna. Ukwere basi upite ku Zomba mwana asanabadwe. Ukakhale pabalaza pa anthu aja, ukawauze ndi pakamwa pako kuti mlamu wako mutu wake ndi wabwinobwino, ndipo amene anatuma munthu kukasuntha phiri ndi iweyo.