Tsamba Lomwe Linayendetsa Chigayo ku Chinsapo

Wokayika aimirire pompano ndimuone nkhope, chifukwa inu anyamata a lero mumangodziwa kudinadina, koma ine HTML, chilankhulo chopangira masamba a pa intaneti, ndinailemba ndi zala izi mpaka zikhadabo kuperepeseka.

Mayi a kunyumba amagulitsa kaunjika ku Chinsapo. Tsiku lina anandiuza kuti ndiwakonzere tsamba la pa intaneti loonetsa katundu wawo, apo ayi ndinyamule chikwama ndizikadya kwa achimwene ku Biwi, poti anatopa kudyetsa mwamuna wongokhala. Banja linali pa chiswe, ndipo ndinaopa zedi.

Amene anandiphunzitsa ankati chilankhulo chimenechi chilibe malire: umatsegula bokosi, m'kati mwake n'kutsegulanso lina, bola pomaliza utseke onse. Basi ine ndinatsegula bokosi la belo, m'belomo la buluku, m'bulukumo la thumba, m'thumbamo la tikiti ya basi yomwe mwini buluku anaiwala ku Ulaya, pa tikitipo la mzinda wakwawo, mumzindamo la azakhali ake ndi galu wawo yemwe, mukumva? Ndinalowa m'kati kwambiri moti potseka mabokosiwo ndinachita kukwawa chafutambuyo, mawondo awa ndi mboni.

Tsamba lija linalemera, abale. Foni ya mayi wina ku Area 25 itangoyesa kulitsegula inaboola tebulo n'kukwiririka pansi, ya abusa inaphulitsa matayala a kabaza onse awiri, nsanja ya netiweki inawerama mpaka amayi n'kumayanikapo zovala, ndiye kagudumu kaja kamazungulira tsamba likamachedwa kutseguka kanathamanga mwaukali moti ndinakakoleka lamba n'kulumikiza ku chigayo, tinagayitsa chimanga cha Chinsapo yense, cha ku Likuni, ndi cha ku Tsabango chomwe chinali chisanakololedwe n'komwe, magetsi atazima! Mukuseka chiyani? Imvi izi si ukalamba ayi, ndi ufa umene uja.

Kenaka mayi a kunyumba anafika, anatenga foni, anadikira, kagudumu kali zungulire zungulire.

"Nanga madiresi anga ali kuti?"

Ndinawayankha kuti ali m'kati, akubwera. Ndipo akubweradi. Tsamba langa silinalephere, likutsegukabe mpaka lero, ndipo tsiku lomwe lidzamalize ndidzabwerera kunyumba kwanga ngati bwana. Pakadali pano, amene akulowera cha ku Biwi andikwezeko, achimwene amatseka geti msanga.