Zipewa Khumi za Zalman Pinkus

Zalman Pinkus sankawerenga anthu, ankawerenga zipewa. Kwa Ayuda kuwerenga anthu n'kulaula, komanso pemphero lokumbukira malemu silitheka popanda amuna khumi. Tsono kuno ku Kurrabin, tawuni ya nkhosa ndi fumbi, zipewa zinali zisanu ndi zinayi basi.

Chachikhumi chinalipo, tsidya la msewu: mng'ono wake Hershel. Bambo awo, a Leib, anafika nthawi imene anthu ankakhamukira kuno kudzakumba golide, ndi mtolo wa singano kumsana, ndipo anasiyira ana awiriwa sitolo. Hershel ataitsegula pa Sabata, poti ometa nkhosa amagula Loweruka, Zalman anasamuka n'kulumbira kuti alibe mbale. Zaka khumi ndi ziwiri osapatsana moni!

Ndiye tsiku lokumbukira bambo ake likayandikira, Zalman ankadikirira ngolo ya makalata ngati mphamba, kusaka Myuda wapaulendo woti akwanitse khumi. Chaka china anatsitsa mlendo wandevu, katundu yense pansi.

"Ndinu Myuda, eti?"

"Ndine m'busa wa Chipresibateriya!"

"Ndevu zonsezi kungoziwononga," anatero Zalman, akumubwezera chikwama.

Koma chaka cha chilala ngolo inabwera yopanda munthu. Amuna anasonkhana m'nyumba mwake, dzuwa likupendeka. Likangolowa, tsiku latha, a Leib osatchulidwa. Zalman anawerenga katatu, thukuta kamukamu. Mantha anamugwira zenizeni.

"Bambo, chipewa chili patsidyapo," anatero mkazi wake Rivke.

"Pansi pake palibe munthu."

"Nanga inu simuwerenga zipewa?"

Zalman anawoloka msewu. Ometa nkhosa pakhonde la bala anaika matambula pansi. Hershel anali pamakwerero, akusanja mabulangete.

"Mwasochera, achimwene?"

"Sindinabwerere iwe. Ndabwerera chipewa chako."

"Chili pamsomalipo. Tengani."

"Chimafunika ndi mutu womwe."

"Mutu uja munati ngwachikunja?"

Zalman anayang'ana dzuwa, litatsala pang'ono kukhudza denga la shedi ya ubweya. "Hershel, ndi bambo akonso."

Makwerero analira. Hershel anatsika n'kutseka sitolo, makasitomala ali momwemo, nawolokera kwa mkulu wake, ndipo anapemphera misozi ili chuchuchu. Potuluka Zalman anamuuza kuti chipewacho n'chonyansa, akagule china. Umenewo ndiwo unali moni wake.

Zalman anamwalira chisanu chotsatira. Kumanda, pakona ya mitengo ya bulugamu pomwe anagona a Leib, Hershel anawerenga zipewa katatu, monga ankachitira mkulu wake. Zisanu ndi zinayi. Munthu amene anathamangira pemphero la ena moyo wake wonse anaikidwa lake osanenedwa, ndipo zimatipwetekabe.

Masiku ano alendo andevu amatsika mwamtendere, palibe wowakoka jekete. Koma ngolo ikamalowa, Hershel amasiya sitolo n'kukaima pafumbi paja, atavala chipewa chatsopano, akusuzumira mitu ya anthu.